Belinda Sakutsala Pakhomo

"Belinda sapita. Ndanena, ndatha," anatero amuna anga, a Haswell Mtonga, akupukuta tcheni cha njinga ndi kansanza, osandiyang'ana n'komwe.

"Mwatha ndinu, ine sindinayambe," ndinayankha, ndikutula pansi lichero la mtedza. "Sapita chifukwa chiyani? Lole ya akulu anu yachepa? Lole yonyamula matumba zana a chimanga ilemedwe ndi kamwana ka zaka zisanu ndi ziwiri?"

"Dzuwa, NyaZgambo. Uno ndi Okutobala. Ukudziwa wekha mmene khungu lake limachitira ndi dzuwa."

"Ee-e! Lero ndiye mwakumbukira kuti mwana wanu ali ndi khungu? Dzulo amakutungirani madzi osamba kuchitsime dzuwa lili paliwombo, khungulo simunalione. Nenani zoona, bambo a Belinda."

"Ndinakuuza kale kuti uzindiitana bambo a Chipiliro."

"Woyamba kubadwa ndi Belinda. Mwambo woitanira munthu mwana wake woyamba sindinaupange ine."

Nkhani yake inali iyi. A Danwell, akulu awo a amuna anga, ankakhala ku boma kwa Lundazi ndipo anali ndi lole. Makoparetivi atasiya kugula mbewu, iwo ndiwo ankazungulira midzi yathu ya kwa Kapichila kugula chimanga ndi mtedza, amuna anga n'kumawagwirira sikelo. Chaka chimenecho, 1994, malonda anawayendera bwino, ndiye analengeza kuti Loweruka loyandikira chikondwerero cha ufulu wa Zambia adzatenga banja lonse la a Mtonga, akulu ndi ana omwe, kukasangalala ku Mchenga. Ku Mchengako ndi pamtsinje wa Lundazi, pamene madzi akaphwa m'chilimwe pamatsala mchenga woyera wotambalala ndi dziwe limodzi losaphwa, lolekeza m'chiuno, pansi pa mikuyu. Zimenezi a Danwell anazionera kwa anzawo a ku Lusaka, zoti banja limanyamuka kupita kumadzi kukangokhala, kudya mabanzi ndi kumvera wailesi. Ana a m'mudzi mwathu atamva, analibenso nkhani ina.

Tsono Belinda wanga anabadwa woyera mbee, tsitsi lake ngati ndevu za chimanga. Kuchipatala amati wachialubino, kuno amati chidangwaleza. Anthu akakumana naye panjira amakoka khosi la malaya awo n'kudzilavulira pachifuwa, akuti kuti tsokalo lisawatsatire kwawo. Amayi apakati ndiye amachita kupotoza khosi ngati aona maliro a mfiti. Mlongo wake Chipiliro, wa zaka zisanu, anabadwa wakuda ngati bambo ake.

"Chabwino, ukufuna zoona?" anatero a Haswell, akuponya kansanza kaja pansi. "Amake Annie ali ndi pakati, miyezi isanu. Ukudziwa kuti anapita padera kawiri konse. Akulu anena kuti safuna akazi awo amuone Belinda, kulibenso zoti ana asambe naye dziwe limodzi. Madzi amatenga zinthu."

"Madzi amatenga zinthu! Inu mwamwera naye chikho chimodzi zaka zonsezi, mwayera pati? Tandionetsani, kapena pali pena pamene sindinaone."

"Pakamwa pako padzakupweteketsa, mkazi iwe. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Mchere wa m'nyumba muno, sopo, yunifolomu ya Belinda yemweyo, zonse zimachokera pasikelo ya akulu. Ndikangane nawo chifukwa cha kusamba kwa tsiku limodzi?"

"Kwa inu ndi tsiku limodzi. Pa ukwati wa azakhali ake munati atsale, ndinamvera. Pa ubatizo wa Annie munati atsale, ndinamvera. Pa maliro a agogo ake enieni, amene ankamupatsa nthochi mobisa, mwanayu analira ali m'nyumba, chitseko chotseka. Ndinamveranso, ine chitsiru. Tsopano ndatopa, bambo a Belinda. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo m'mimba mukupweteka ndi mwanga."

"Ndidzamubweretsera banzi ndi botolo la zakumwa."

"Banzilo mudzadye nokha. Mwana akufuna madzi."

Anakwera njinga yawo n'kuchoka, osatsanzika. Ndikuuzeni zoona, amuna anga si munthu wankhanza. Sanandimenyepo, sanamukalipirepo Belinda. Vuto lawo ndi mantha basi. Akulu awo akatsokomola ku boma, iwo kuno amayamba kufunafuna mankhwala a chifuwa.

Lachiwiri la sabata yotsatira ndinasenza mtedza wanga kupita ku Msika wa Lundazi. Nditagulitsa, ndinalowa kwa ogulitsa salaula, zovala zakale zija amaziunjika pamphasa. Ndinafukula mulu wonse mpaka mwini wake anati, "Amama, mukufuna zovala kapena mukukumba mbewa?" Ndinapeza shati yachimuna yopepuka, ya manja aatali, ndi chipewa chotambalala cha nsalu. Zinali zazikulu, koma singano ndili nayo.

Ndikutuluka mumsika ndinakumana ndi a Cathrine, amake Annie aja, akusankha matimati. Atangondiona, maso awo anathamangira kumbuyo kwanga kufuna kuona ngati mwana ndabwera naye.

"Monire, amake Annie. Musaope, ndili ndekha."

"Yewo, amake Chipiliro." Anaseka mwamanyazi, kenako anaona chipewa chija m'manja mwanga. Nkhope inasintha. "Kodi abambo sanakuuzeni?"

"Andiuza. Koma ndimafuna ndimve kwa inu, mayi mnzanga."

Anandikokera pamthunzi, kuseri kwa golosale, n'kuyamba kulankhula motsitsa mawu, dzanja lili pamimba.

"Mwana wanu ine sindimamuda, Mulungu akuona. Koma ndataya kawiri, amake Chipiliro. Kawiri ndasoka tizovala, kawiri ndatibisa pansi pa sutikesi. Achibale a amuna anga ayamba kale kunong'ona zoti awapezere mkazi wina. Ndikatayanso uyu, kapena akabadwa... mukudziwa. Ndidzalowera kuti? Ndikupemphani, tsiku limodzi lokha."

Misozi inali m'maso mwawo, ndipo nanenso chisoni chinandigwira. Koma chisoni cha mwana wanga chinali chachikulu kuposa chimenecho.

"Pamene munkapita padera kawiri kaja, Belinda munamuona kuti? Iye anali kwa Kapichila, inu muli kuno ku boma. Nanga ine, ndili ndi pakati pa iyeyo, ndinayang'ana ndani? Kwathu kwa Magodi ndinakula osaonapo munthu wotere ngakhale mmodzi."

"Anthu amati munaseka wina panjira."

"Anthu ake ati? Anandiona ndani? Anthu amenewo amatinso amuna anu lole anaigula ndi mankhwala, nazonso ndi zoona?"

"Aa, musatero!"

"Ndiye mverani zimene anandiuza anamwino kusikelo ya ana. Anati zimenezi sizilowa m'maso, siziyenda m'madzi. Zimachokera m'magazi a mayi ndi a bambo, onse awiri pamodzi. Magazi a kwa Mtonga alimo mwa Belinda, amake Annie. Ndipo amuna anu ndi amuna anga anayamwa bere limodzi."

Kalanga ine, lilime langali! Ndinkafuna kuwachotsa mantha, koma ndinawawonjezera ena. Anandiyang'ana maso ali tong'o, matimati n'kugwa m'thumba. Anachoka osawatola, akuyenda mofulumira ngati ndawatemberera. Madzulo a tsiku lomwelo mawu anafika kwathu ndi mnzawo wa amuna anga, akuti NyaZgambo walosera zoipa pamimba ya mnzake pamsika, anthu akuona. Kuyambira tsiku limenelo a Haswell ankangodya n'kutuluka.

Belinda yekha ndiye sankadziwa kuti pali nkhondo, kapena ine ndinkaganiza choncho. Ndinamudulira shati ija, ndinaisoka mpaka inamukhala ngati diresi. Ankaivala n'kumazungulira pabwalo, akuphunzitsa mlongo wake kusambira pafumbi.

"Amama, dziwelo ndi lalikulu ngati chiyani? Ngati bwalo la kusukulu?"

"Laling'ono pang'ono."

"Muli nsomba? Zimaluma? Annie amatha kusambira? Ine ndidzamugwira dzanja kuti asamire."

Lachisanu, kutatsala tsiku limodzi, amuna anga anandipeza kumbuyo kwa nkhokwe ndikusenda mbatata. Anabwera ndi mawu ozizira, aja amabwera nawo munthu akafuna umusenzere katundu wake.

"NyaZgambo, tisapikisane. Lole idzafika mmawa pamtengo wa mango wa kumsewu. Iwe udzamutume Belinda kwa mnansi wathu NyaBotha kukabwereka sefa. Akamadzabwerako ife tapita. Udzamuuze kuti lole inafulumira. Mwana saona patali, mawa lake aiwala."

"Ndimunamize ine?"

"Bodza la mwana si bodza."

"Ndiye mukamunamize nokha. Muyime pamaso pake, mumuuze kuti, 'Mwana wanga, utsale, chifukwa ine bambo ako ndimachita nawe manyazi.' Mukatha kunena zimenezo, ine ndidzamuvula shatiyo ndekha."

"Sindichita naye manyazi!"

"Njovu siilemedwa ndi minyanga yake. Inu yanu ikukulemerani."

Anatembenuka n'kuchoka. Kwa Belinda sanapiteko.

Loweruka kunacha bwino, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Ndinaphika mbatata, ndinakazinga mtedza, ndinadzaza thobwa m'chigubu. Ana ndinawasambitsa, n'kuwadzoza mafuta, ndipo tonse anayi tinapita kumsewu. Panjira amuna anga ankayenda patsogolo kwambiri ndi Chipiliro, ngati ife awiri ndife anthu ena ongodutsa.

Lole inafika ikuliza hutala, wailesi ikuphulika nyimbo, kumbuyo kutadzaza kale azibale ndi ana awo, mphasa, mapoto ndi makireti a zakumwa. Kutsogolo kunali a Danwell ndi akazi awo. A Haswell anakweza Chipiliro, nawonso n'kudumphira. Ine ndinanyamula Belinda m'khwapa n'kumuika pamwamba, pakati pa anzake. Annie, mwana wa a Danwell wa zaka zisanu ndi chimodzi, anamusunthira malo pathumba, akuseka ndi mano ake ogweluka.

Nthawi yomweyo wailesi inazima. Injini nayo inazima. Ndinamva kulavula, uku ndi uku, azimayi akulu akulu akukoka mabulauzi awo. A Danwell anatsika, mimba patsogolo, makiyi akuzungulira pachala.

"Mlamu, tinakambirana kale nkhani imeneyi."

"Munakambirana ndi mng'ono wanu, alamu. Ine simunandifunse."

"Lole ino ndi yanga. Sinyamuka mpaka mwanayo atsike."

"Mwanayo ali ndi dzina. Ndi Belinda Mtonga, mwana wanu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanji wa mng'ono wako?"

"Haswell! Kodi pakhomo pako mwamuna ndani? Tambala wako ndi ameneyu?"

Anthu anaseka. Ana ena anayamba kulira poona kuti ulendo ukuchedwa, ndipo mayi wina anakuwa kuti munthu mmodzi asawonongere anzake tsiku. Ndinayang'ana amuna anga. Iwo anali kuyang'ana zala zawo za kumapazi. Kenako anadzuka, anamugwira Belinda m'khwapa mosamala ndithu, ngati dzira, n'kumutsitsira pansi.

"Adada, lole yadzaza?" anafunsa mwanayo.

Iwo anabwerera pamalo pawo. Lole inalira n'kunyamuka, kutisiyira fumbi lofiira. Chipiliro ankakuwa dzina la mlongo wake mpaka anakhota pakona.

Mtima wanga unatentha moti ndinamva ngati ndameza khala. Sindinalire, ayi. Ndinamugwira Belinda dzanja, tinabwerera kunyumba, ndinatulutsa njinga ya bambo ake, yomwe sankalola munthu aliyense kuikhudza. Pakaliyala ndinayala chitenje chopinda kanayi, mbatata ndi chigubu ndinamangirira kutsogolo.

"Kwera. Gwira m'chiuno mwanga, miyendo uitalikitse ndi masipoko."

"Tikupita kuti, amama?"

"Kumene unavalira shatiyo."

Lole inayenera kuzungulira ndi msewu waukulu, koma ife tinadula njira za m'minda, zimene ndinkadutsa pokagula mbewu ya fodya. Dzuwa la Okutobala si la masewera. Ndinapalasa, thukuta likulowa m'maso, pamchenga n'kumatsika kukankha. Kawiri tinaima pamthunzi kuti ndimumwetse thobwa ndi kumukonza chipewa. Pamudzi wina anyamata osewera bawo anatiimbira mluzu, wina n'kukuwa kuti, "Amama, mzunguyo mwamuba kuti?" Ndinamuyankha kuti ndamuba kwa amake, kumene anaiwala nzeru zake. Anzake anamuseka mpaka anagwetsa bawo.

Tinafika dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu. Abale, malo aja ndi okongola! Mchenga woyera ngati ufa, mikuyu itaweramira madzi, mthunzi wake utaphimba theka la dziwe. Lole inali itaima chapatali. Azibambo anali pamphasa ndi mabotolo awo, azimayi akuwotcha nyama, ndipo ana, mwina khumi ndi awiri, anali m'madzi akuwazana ndi kukuwa ngati mbalame za m'munda wa mapira.

Njinga ndinaitsamiritsa pamtengo. Sindinapereke moni kwa munthu. Ndinamuvula Belinda nsapato, ndinamutsogolera mbali ya mthunzi, n'kumuuza kuti alowe.

Anaponda madzi ndi phazi limodzi, analibweza, anaseka. Anapondanso. Kenako analowa mpaka m'mawondo, shati ikuyandama, n'kudzigwetsa chagada, phava! Anadzuka akutsokomola, akuseka chiseko chimene sindinachimvepo chibadwire chake. Chipiliro anamuona woyamba, anathamangira kwa iye akuwaza madzi, Annie ali pambuyo pake.

"Mayo-o! Ana! Tulutsani ana!"

Sindikudziwa amene anakuwa. Azimayi anasiya nyama pamoto n'kuthamangira kudziwe ngati muli ng'ona. Aliyense anagwira wake, wina pamkono, wina pakhutu, wina n'kumupukuta ndi chitenje mwamphamvu ngati wagwera m'chimbudzi. Annie anakana, anakakamira shati ya Belinda ndi manja onse awiri, mpaka bambo ake analowa ndi nsapato zomwe n'kumuzula akuphiriphitha. A Cathrine anali atatembenuka kale, nkhope m'chitenje, akuthamangira kulole akulira. Posakhalitsa m'dziwe monse munatsala ana awiri okha, anga.

"Pakirani katundu!" anakuwa a Danwell. "Tsiku lawonongeka. Haswell, mkazi wako wandinyoza pamaso pa abale. Ngati Lolemba ukufuna kugwira sikelo yanga, konza nyumba yako lero lomwe."

Amuna anga anabwera m'mphepete mwa madzi.

"NyaZgambo, mutulutse mwanayo."

"Sanathe kusamba."

"Ndati mutulutse! Wandichititsa manyazi okwanira. Ukapanda kumva, mawa unyamule katundu wako uzipita kwanu kwa Magodi."

"Njira ya kwa Magodi ndikuidziwa, sinamere udzu."

Analowa m'madzi, anamunyamula Chipiliro n'kumuika paphewa, mwana akukuwa ndi kumenya miyendo.

"Uyu ndi wa kwa Mtonga. Ng'ombe zinapita kwanu. Winayo utenge."

Apa ndiye ndinaiwala ulemu wonse umene anandiphunzitsa amayi anga. Ndinalankhula mokweza kuti ngakhale amene anali kulole amve.

"Ng'ombe zimene munapereka kwathu sizinasankhe khungu, bambo a Belinda! Zinali za mimba yanga yonse. Mukatenga, mutenge onse awiri, muwakweze m'lole imeneyo, mukhale nawo pakati panu. Mukasiya, musiye onse awiri. Ana anga si mtedza woti muzisankha wabwino n'kutaya wofumbwa."

"Iwe sukumvetsa! Mimba ya alamu ija ikavuta, mlandu udzakhala pa ife. Mwana uja akadzabadwa choncho, udzayankha chiyani?"

"Akadzabadwa motani?"

"Ukudziwa."

"Sindikudziwa. Nenani. Mwana wanu ali apa, akumva. Akadzabadwa motani?"

Amene ankapinda mphasa anaima ndi mphasa m'manja. Nyama ija inkapserera pamoto, palibe anaikumbukira.

"Akadzabadwa ngati ine, adada."

Anali Belinda. Anali ataima m'madzi ofika m'chiuno, chipewa chikudontha, akutsinzinira kumene kunkachokera mawu a bambo ake. Sanalire. Analankhula ngati akuyankha funso la aphunzitsi.

"Ndimadziwa, adada. Ndimamva akamalavula. Koma muwauze amama aakulu asalire. Akadzabadwa ngati ine adzatipatse ife. Amama sadzamutsekera m'nyumba."

Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti ndikumubisira, osadziwa kuti mwanayo ndiye ankandibisira ine kuti akudziwa.

Amuna anga anamutsitsa Chipiliro pang'onopang'ono mpaka mapazi ake anagunda madzi. Mwanayo anathawira kwa mlongo wake n'kumukumbatira m'chiuno. A Haswell anayang'ana Belinda nthawi yaitali, ndipo ndinaona misozi ikutsika m'masaya mwawo. Ndinati mumtima, lero ndiye lero, munthuyu adzuka.

Hutala inalira.

"Haswell! Ukukwera kapena ukutsala?"

Anapukuta nkhope ndi mkono wa shati. Anayang'ana ana, anayang'ana lole. Hutala inaliranso, nthawi ino mosalekeza. Anatuluka m'madzi, buluku likudontha, n'kuyenda pamchenga mutu uli pansi. Sanatembenuke. Wina anawapatsa dzanja, anakwera.

Lole inabwerera chambuyo, inatembenuka, inakwera mtunda. Annie yekha ndiye ankatibayibitsa, mpaka dzanja lina linatsitsa dzanja lake. Phokoso la injini linachepa, linachepa, kenako kunangotsala kulira kwa njiwa m'mikuyu.

Maso a Belinda safika patali, makamaka pakakhala dzuwa lowala pamchenga. Anaika dzanja pachipumi, anayesa kuyang'ana kumtunda, koma ndinadziwa kuti sakuona kanthu.

"Amama, adada ali pati?"

Bodza linali pafupi, pamlomo penipeni. Ndikanatha kunena kuti apita kukawaperekeza, abweranso. Ndinalimeza.

"Akwera lole, mwanangu."

Anasisita mutu wa mlongo wake.

"Ndiye nafenso tizipita?"

"Tipite kuti? Ndapalasa njinga mtunda wonse uja kuti uzangonyowetsa shati? Iwe unkaphunzitsa Chipiliro kusambira pafumbi, lero madzi ndi awa. Ndikufuna ndione."

Ndinavula duku langa n'kuliponya pamchenga, ndinamanga chitenje molimba pachifuwa, ndinalowa m'madzi mpaka ndinawafika. Anali ozizira bwino. Ndinatambasula manja anga awiri pansi pa mimba ya Belinda, iye n'kugona pamenepo chafufumimba.

"Menya miyendo," ndinamuuza. "Menya mwamphamvu, akumve ngakhale amene ali kutsidya kwa mtsinje. Sindikusiya."